Musamangofunsa kuti "ndi ya zipinda zingati": kayerekezedwe ka mitengo ya nyumba kuno ku Mulanje

Achimwene anga ali ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndiye chaka chatha anandiimbira pa WhatsApp kuti iwe, ndasungako kangachepe, undiyang'anireko nyumba yomanga kale konko, sindikufuna zomatumiza ndalama ya simenti mwezi ndi mwezi kenako nkudzapeza maziko okha atamera udzu. Ndinavomera ndikuona ngati ndi ntchito ya sabata imodzi. Abale, inanditengera miyezi itatu.

Vuto silinali kusowa kwa nyumba ayi. Ukangonena pa Chitakale kuti ukufuna nyumba, madzulo ake ma ejenti anayi akuimbira kale, aliyense ali ndi "3 bedroom yabwino kwambiri bwana". Vuto ndi loti nyumba zonsezo amazitchula dzina limodzi koma mitengo yake yatalikirana ngati Muloza ndi Limbe, ndipo ukafunsa chifukwa chake amangoti iyi ndi ya makono, iyo ndi ya kale. Achimwene kumbali kwawo akungoona zithunzi pa foni, yopaka penti wowala ndi yomwe akuti tengani imeneyo. Ndiye ndinakhala pansi ndi mmisiri wina wachikulire wa kwathu kuno, bambo woti wamanga nyumba zambiri kuyambira ku Luchenza mpaka ku Limbuli, nkundiphunzitsa kawerengedwe kake. Ndi zimenezo ndikufuna ndikugawireni, mwina wina zimupulumutsa.

Choyamba, gulani tepi

Tepi yeniyeni, ya mamita 30 kapena 50 ija amagwiritsa ntchito amisiri, osati ya telala. Ngati simungagule bwerekani. Nyumba iliyonse yomwe mwapita kukaiona muyeze kunja kwake, mulitali ndi mulifupi, khoma mpaka khoma, muchulukitse manambala awiriwo. Nyumba ya mamita 12 mulitali ndi 9 mulifupi ndi masikweya mita 108. Basi masamu ake ndi omwewo, a sitandade 5.

Mwini nyumba akhoza kuoneka wodabwa, ena amakhumudwa kumene ngati mwawayesa akuba. Ine ndimangoti pepani bambo, ondituma ali kutali, ndiyenera ndiwauze zenizeni. Palibe anandikaniza.

Amisiri ambiri akale amalankhula mu mafiti, akuuzani kuti nyumbayi ndi 30 kwa 40. Musasakanize ndi mamita. Chulukitsani mupeze 1,200, kenako mugawe ndi 10.76, zikupatsani masikweya mita pafupifupi 111. Ndipo polemba musamale ndi mawu oti mita, chifukwa anyamata a masiku ano akati "mita 30" akunena K30 miliyoni, ine tsiku lina tinakangana ndi ejenti kwa mphindi zingapo ine ndikunena kutalika kwa khoma iye akunena ndalama.

Nyumba ikakhala yokhota ngati chilembo L musavutike, iduleni m'maganizo ikhale mabokosi awiri, muyeze lililonse palokha nkuphatikiza. Jambulani pa pepala pomwepo muli pamalopo, mukafika kunyumba mudzakhala mutaiwala kuti 4 ija inali ya mbali iti.

Chinanso, sankhani njira imodzi yoyezera ndipo musaisinthe. Mukayeza nyumba ina kunja, ina mkati, mwadzinamiza nokha. Khoma la njerwa ziwiri, la 9 inchi lija, limakhala pafupifupi masentimita 23, ndiye nyumba ya 12 kwa 9 ija mkati mwake imatsala 11.54 kwa 8.54, omwe ndi masikweya mita 98 ndi theka. Mwaona? Makoma akunja okha adya malo okwana kachipinda kamodzi, tisanawerengere makoma a mkati. Ine ndimayeza kunja nthawi zonse chifukwa ndi kosavuta, sufunika kusuntha mabedi a eni ake.

Chachiwiri, si malo onse ofoleredwa omwe ndi nyumba

Apa ndi pomwe ambiri amatipusitsira. Khonde ndi labwino, makamaka kuno kwathu komwe chiperoni chikayamba chimatha masiku atatu zovala zosauma, koma khonde lilibe makoma onse, lilibe mawindo, lilibe zitseko. Mtengo womangira khonde sungafanane ndi wa chipinda chogona. Mmisiri uja anandiuza kuti iye amawerengera khonde theka, kutanthauza kuti khonde la masikweya mita 28 alilembe 14. Si lamulo la boma ayi, ndi nzeru chabe, koma mukamatero pa nyumba zonse zomwe mukuyerekeza zimayenda bwino.

Khitchini ya panja, bafa ndi chimbudzi cha panja, boyizi kota, khola la nkhuku, zimenezo zilembeni padera, musaziphatikize ku nyumba yaikulu.

Mukalowa mkati muonenso kolido. Pali mapulani ena kolido yake yaitali ngati ya kuchipatala, mamita 8 kwa mita imodzi ndi theka, masikweya mita 12 omwe mukulipira koma simungaikemo bedi kapena mpando. Sindikuti muchotse pa masamu, koma mulembe pambali kuti nyumba iyi ili ndi malo otayika.

Chachitatu, chotsani mtengo wa malo

Mukamagula nyumba mukugula zinthu ziwiri, dothi ndi chomwe chamangidwa pa dothipo. Puloti ya pafupi ndi tala pa Chitakale kapena pa boma singafanane ndi puloti ya mkati komwe mvula ikagwa ngakhale wa kabaza wa njinga yamoto amakana. Ku Thyolo ndiye nkhani ya malo ndi yowawa kale, malo ambiri abwino ali m'manja mwa ma esiteti a tiyi, anthu apanikizana m'mapiri, choncho kapuloti kakang'ono pa Bvumbwe kakhoza kudula kuposa munda wonse kwinaku.

Ndiye funsani anthu atatu kapena anayi a m'deralo, osati ejenti wanu, kuti puloti yopanda kanthu ya saizi ngati imeneyi ikupita pa zingati kuno. Funsani wa pa golosale, funsani mmisiri yemwe akumanga pafupi, funsani amayi a pa mjigo, amadziwa zonse amenewo. Tengani mtengo wa pakati, muuchotse pa mtengo wa nyumba. Chotsalacho ndiye mtengo wa chimango.

Tiyeni ndikuonetseni ndi nyumba zitatu. Manambalawa ndangowaika kuti masamu aoneke bwino, musapite nawo kwa mwini nyumba kukati ndinawerenga kuti mtengo ndi wakuti, zinthu zikusintha mwezi ndi mwezi.

Nyumba yoyamba, ya makona anayi basi, 12 kwa 9, masikweya mita 108, denga wamba la mbali ziwiri, akuti K38 miliyoni. Puloti m'deralo K8 miliyoni. Chimango ndi K30 miliyoni.

Yachiwiri, nayonso akuti zipinda zitatu, koma tepi ikuti 10 kwa 7, masikweya mita 70. Akuti K27 miliyoni, ili mkati pang'ono, puloti K4 miliyoni. Chimango K23 miliyoni.

Yachitatu ndi ya makono ija achimwene anaikonda pa chithunzi, yokhota, denga lobisika kuseri kwa khoma, mwini wake akuti masikweya mita 148 koma 28 mwa amenewo ndi khonde, ndiye kwa ife ndi 120 kuphatikiza 14, kukhala 134. Akuti K55 miliyoni, puloti K8 miliyoni, chimango K47 miliyoni.

Chachinayi, zifikitseni pa levulo imodzi

Musagawe kaye. Nyumba ina yatha, ina ikungooneka ngati yatha. Yendani chipinda ndi chipinda ndi kope m'manja, mulembe chomwe chikusowa kuti munthu alowe nkugona mosadandaula: siling'i ilipo? Pansi ndi matailosi kapena simenti? Mita ya ESCOM ilipo kapena angoika mawaya ndi masoketi, magetsi "akubwera"? Madzi a Water Board afika kapena ndi ku mjigo? Seputiki? Mawindo ndi a galasi okhala ndi mabagala? Mpanda? Chilichonse chosowa mufunse mtengo wake lero kwa mmisiri ndi ku hadiweya, muphatikize pa mtengo wa chimango.

Mawu oti "magetsi akubwera, tinalipira kale" muziwaopa. Auzeni akuonetseni lisiti.

Nyumba yachiwiri ija inalibe siling'i, magetsi inalibe, tinene kuti zonse pamodzi K3 miliyoni. Ndiye chimango chake si K23 miliyoni, ndi K26 miliyoni.

Kwerani pa mpando muone malata. Funsani geji yake. Nambala ikachepa ndiye kuti lata ndi lokhuthala, 28 geji ndi yolimba kuposa 32, ena amasokoneza pamenepa nkumaganiza kuti 32 ndi yapamwamba poti nambala ndi yaikulu. Kuno mvula ndi yambiri, malata opyapyala sachedwa kuchita dzimbiri. Matabwa a kudenga muwabaye ndi kiyi kapena msomali muone ngati chiswe kapena afumbwe sanayambe ntchito. Pansi pa khoma ngati penti akusupuka kapena pali mzere wakuda wa chinyontho kufika m'mawondo, ndiye kuti pulasitiki ya DPC, ija amayala pa maziko kuti chinyontho chisakwere khoma, sanaike kapena inang'ambika, ndipo matenda amenewo kuchiza kwake nkovuta. Pakona pena kandani pang'ono pomwe pulasitala wachoka muone ngati njerwa anamangira simenti kapena dothi. Nyumba zambiri za kumidzi kwathu ndi zomangira dothi nkupaka pulasitala pamwamba, kunja zimaoneka chimodzimodzi, koma amene anaona zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo sangakuuzeni kuti ndi chimodzimodzi.

Chachisanu, gawani tsopano

Mtengo wa chimango kugawa ndi masikweya mita.

Yoyamba: K30 miliyoni kugawa ndi 108, pafupifupi K278,000 pa sikweya mita.
Yachiwiri: K26 miliyoni kugawa ndi 70, pafupifupi K371,000.
Yachitatu: K47 miliyoni kugawa ndi 134, pafupifupi K351,000.

Taonani zimenezo. Nyumba yomwe inkaoneka yotchipa kwambiri, ya K27 miliyoni, ndi yomwe ili yodula kuposa zonse. Zipinda zake zitatu zija ukaika bedi la 4 kwa 6 chitseko chimagunda bedi potsegula. Ndipo yachitatu ija tikanamvera mwini wake nkugawa ndi 148 ikanaoneka ngati K318,000, khonde likanatinamiza ndi K33,000 pa sikweya mita iliyonse.

Koma musathamange kunena kuti mwini wa yachiwiri ndi wakuba. Nyumba yaing'ono nthawi zambiri imadula pa sikweya mita, chifukwa pali zinthu zomwe mtengo wake susamala za kukula kwa nyumba. Chimbudzi cha m'nyumba ndi chimodzi, seputiki ndi imodzi, sinki ya ku khitchini ndi imodzi, kulumikiza magetsi ndi kamodzi, kaya nyumba ndi ya 70 kaya ya 140. Zipinda zitatu zing'onozing'ono zimafuna zitseko zitatu, mafelemu atatu, maloko atatu, chimodzimodzi zipinda zitatu zazikulu. Choncho yaing'ono ikakwera pang'ono nzomveka. Ikakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ngati iyi, pamenepo pafunika kukambirana.

Chachisanu ndi chimodzi, kamangidwe kake

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ine ndinatsegukira maso. Nyumba ziwiri zikhoza kukhala ndi masikweya mita ofanana ndendende koma ina yadya njerwa zambiri kuposa inzake. Mmisiri uja anandijambulira pansi ndi kamtengo. Ya 12 kwa 9, ukazungulira makoma ake akunja ndi mamita 42. Tsopano tengani ya 12 kwa 12 nkudulapo kona ya 6 kwa 6 kuti ikhale L, malo ake ndi 108 yemweyo, koma kuzungulira kwake ndi mamita 48. Mdadada wa 18 kwa 6 nawonso 108, kuzungulira 48. Mamita 6 owonjezerawo si njerwa zokha, ndi maziko okumba, konkire, ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma), pulasitala mkati ndi kunja, penti, ndi ndalama ya mmisiri, pomwe malo ogona sanawonjezeke ngakhale phazi limodzi. Kona iliyonse yomwe mukuiona pa pulani ndi ndalama. Anandiuza kuti mwana wanga, nyumba ya bokosi anthu amainyoza koma ndi yomwe siba mwini wake.

Denga ndiye nkhani ina. La mbali ziwiri ndi lotchipa, malata amangowayala osadula. La mbali zinayi limaoneka bwino ndipo limalimba ku mphepo, koma malata amawadula mopingasa m'makona, zidutswa zambiri zimatayika, malijesi ochuluka, matabwa ochuluka, kalipentala naye amatchaja mokwera. Denga likakhala lotsetsereka kwambiri malata amachulukanso, la madigiri 30 limafuna pafupifupi 15 peresenti kuposa malo omwe lafolera, la madigiri 45 kupitirira 40 peresenti. Ndipo denga silithera pa khoma, limatuluka kunja, nyumba ya 12 kwa 9 ikatulutsa masentimita 60 mbali zonse denga likufolera pafupifupi masikweya mita 135. Kutuluka kumeneko musakuone ngati kuwononga, kuno ndi komwe kumateteza khoma ku mvula ya mphepo.

Nyumba ya L ili ndi pomwe madenga awiri amakumana nkupanga ngalande, masamba a mapeyala ndi mango amadzaza pamenepo, madzi nkubwerera mkati.

Za denga lobisika ndinene maganizo anga mosabisa: sindilikonda kuno ku Mulanje. Ku Lilongwe kaya, koma pansi pa phiri ili pomwe mvula imagwa ngati akukhuthula ndowa, madzi onse a denga amadalira ngalande yobisika kuseri kwa khoma, ikangotsekeka kapena mmisiri akalakwitsa pang'ono, siling'i yonse imakhala mapu a dziko. Nyumba yachitatu ija ndinakaiona dala tsiku lotsatira mvula, pabalaza pakona panali beseni, mayi a m'nyumbamo akuti ana anangoliiwala pamenepo. Ndinayang'ana kumwamba, bolodi la siling'i litafufuma. Ngati mungathe, nyumba muzikaiona mu Januwale kapena Febuluwale, mu Okutobala nyumba iliyonse ndi yabwino.

Yosanja, ya pansi ndi pamwamba, imapulumutsa malo, maziko ndi denga zimafolera theka chabe, koma silabu, zitsulo, mapilala ndi injiniya zimabweza zonsezo nkupitirira, ndipo masitepe amadya malo pansi ndi pamwamba pomwe. Musaiyerekeze ndi nyumba wamba, yosanja iyerekezeni ndi yosanja inzake. Yogundizana, ija mabanja awiri amagawana khoma limodzi, iyenera kutsikirako chifukwa khoma limodzi lapulumuka.

Malo otsetsereka, monga ambiri ku Thyolo, maziko mbali imodzi amatalika mpaka kufika m'chiuno kapena kupitirira, njerwa zambirimbiri zomwe tepi yanu siziona. Mwini nyumba akanena kuti ndinawononga zambiri pa maziko akhoza kukhala akunena zoona. Koma mufunsenso madzi ochokera kumtunda amadutsa pati.

Chachisanu ndi chiwiri, funsani kuti kumanga yatsopano ndi zingati

Tengani pepala lomwe mwajambula nyumba yomwe yakusangalatsani, mupite nalo kwa amisiri awiri osadziwana, aliyense akuwerengereni matumba a simenti, njerwa kapena mabuloko, matiripi a mchenga ndi kwale, malata, matabwa, ndi ndalama yake. Mitengo ya katundu mukafunse nokha ku hadiweya, ndipo ngati zina muzikagula ku Limbe muikepo ndalama ya lole. Mukapeza kuti kumanga yofanana nayo lero ndi kotsika kuposa mtengo wa chimango womwe akukuuzani, nyumba yakale ya zaka khumi ilibe chifukwa chodulira choncho. Mukapeza kuti kumanga ndi kodula kwambiri, ndiye kuti mwapeza dilu, kapena pali chomwe sakukuuzani.

Kanzeru kena: mtengo wa pa sikweya mita uja muugawenso ndi mtengo wa thumba la simenti la 50 kg tsiku limenelo, mulembe kuti nyumba iyi ndi matumba akuti pa sikweya mita. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye wina akakuuzani kuti neba anagulitsa yake K20 miliyoni "chaposachedwapa", funsani chaka ndi mwezi. Makwacha a nthawi imeneyo si a lero, koma matumba a simenti mukhoza kuyerekeza.

Ngati mukugula kuti muzichititsa lendi, onjezani sitepe imodzi, mtengo wonse kugawa ndi lendi ya chaka, muone kuti ndalama idzabwerera patatha zaka zingati. Pamenepa mdadada wonyozeka uja wa zitseko zinayi pafupi ndi msika nthawi zambiri umaposa nyumba yokongola ya banja limodzi.

Mapepala

Izi sizilowa mu masamu koma zikhoza kufafaniza masamu onse. Nyumba ya pa malo a lease okhala ndi mapepala a ku Lands ndi nyumba ya pa malo a mafumu si katundu mmodzi, ngakhale zitafanana njerwa ndi njerwa. Ya mapepala imadula ndipo iyenera kudula, banki imatha kuilandira ngati chikole. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo oterewa, koma ambiri sanalembetse, zimangoyendera kalata ya amfumu ndi mboni.

Ndipo kuno kwathu ndi kwa chikamwini, musaiwale. Bambo akhoza kumanga nyumba ndi ndalama zake zonse koma dothi ndi la kuchikazi. Akamakugulitsani bambo yekha, funsani kuti mayi ali kuti, amalume a mayiwo akudziwa? Posainirana pakhale amfumu, eni mbumba, mboni za mbali zonse, ndi chidindo. Wogulitsa akayamba zoti tipange mwachangu abale asanamve, nyamulani tepi yanu muzipita.

Pokambirana mtengo

Pitani ndi pepala lanu lija, musalibise. Ine kwa mwini nyumba yoyamba ndinakhala nawo pa khonde, ndinawaonetsa muyeso, ndinawaonetsa malata atatu a kumbuyo omwe achita dzimbiri ndi chitseko cha ku khitchini chomwe chiswe chadya pansi, ndi mtengo wokonzera womwe kalipentala anandipatsa. Sindinanene kuti nyumba yanu ndi yodula, ndinangoti bambo, ondituma akufuna nyumba yanuyi, koma izi akakonza ndi ndalama yawo, tithandizane. Anaitana mayi, ananong'onezana m'nyumba kwa kanthawi, nkutuluka atatsitsako ndalama yokonzera ija ndi kena pang'ono pamwamba.

Achimwene ndinawatumizira chithunzi cha pepala la masamu ndi cha beseni lija. Anakhala chete tsiku lonse, usiku nkutumiza voice note kuti chabwino tenga ya bokosiyo, koma penti ukapake ngati wa yachitatu ija.